Kodi lipoti la ballistics limaulula amene anawombera?

Wowerenga wina wafunsa kuti: "Ndimamva pa nkhani akunena kuti apolisi akudikira lipoti la ballistics asanapititse mlandu kukhoti. Tsiku lina ndinamvanso za ballistic missile imene dziko lina linaponya. Kodi zinthu ziwirizi zikugwirizana bwanji? Nanga lipotilo likatuluka, ndiye kuti wowombera wadziwika basi?"

Zikomo chifukwa cha funsoli. Ndiyamba ndi mbali yomalizayo chifukwa ndi imene ikhoza kumangitsa munthu kapena kumumasula. Yankho lake ndi lakuti ayi. Lipoti lotere, likayenda bwino kwambiri, limanena kuti chipolopolo chakuti chinatuluka mu mfuti yakuti. Za dzanja limene linagwira mfutiyo silinenapo kanthu. Ndibwereranso pamenepa, koma tiyambe taona kuti ballistics imeneyi n'chiyani.

Mawuwa anachokera ku Chigiriki, ku mneni wotanthauza kuponya. Aroma akale anali ndi chimakina chankhondo chotchedwa ballista, choponyera miyala ndi mikondo kumalinga a adani, ndipo dzina lake linachokera komweko. Choncho ballistics ndi maphunziro a mmene chinthu choponyedwa chimayendera. Chofunika kuchigwira ndi ichi: chinthucho chimalandira mphamvu yake yonse poyambirira, ndipo chikangochoka palibenso chochikankha. Mwala wochoka pa legeni, muvi wochoka pa uta, chipolopolo chochoka mu mfuti, zonsezi zikakhala m'malere zimalamulidwa ndi zinthu ziwiri zokha, mphamvu ya dziko imene imakokera zinthu pansi ndi mpweya umene zikudutsamo.

Apa ndiye pali ubale ndi mzinga umene munamvawo. Ballistic missile ili ndi injini, koma injiniyo imayaka kwa mphindi zochepa chabe kumayambiriro kwa ulendo. Ikazima, mzingawo umapitiriza kukwera ndi liwiro limene wapeza kale, kenako n'kumatsika mokhota mpaka pamene anaulozera. Gawo lalikulu la ulendo wake umayenda ngati chinthu chongoponyedwa. Woyamba kugwiritsidwa ntchito pankhondo unali V-2 wa Germany, umene unagwa ku London ndi ku Antwerp kuyambira mu 1944. Mizinga yotere imene imatha kupitirira makilomita 5,500 ndi imene amati yodutsa makontinenti, ndipo imakwera mpaka kutuluka mu mpweya wa dziko isanabwerere. Cruise missile ndi yosiyana nayo, chifukwa injini yake imayaka ulendo wonse ndipo imauluka chapansipansi monga ndege. Mukamva wina akusakaniza mayina awiriwa, dziwani kuti akunena zida ziwiri zosiyana.

Anthu anatenga nthawi yaitali kuti amvetse njira imene chinthu choponyedwa chimadutsa. Kwa zaka mazana ambiri ophunzira a ku Ulaya ankakhulupirira kuti mpira wa mzinga umayenda molunjika mpaka mphamvu yake itatha, kenako n'kugwa. Niccolò Tartaglia, katswiri wa masamu wa ku Italy, analemba mu 1537 kuti mzinga umaponya patali kwambiri ukapendekeka pa madigiri 45. Galileo mu 1638 anaonetsa kuti kupita kutsogolo ndi kugwera pansi zimachitika nthawi imodzi, chilichonse pachokha, ndipo zikaphatikizana zimapanga njira yokhota kuyambira poyamba penipeni. Masamu a Galileo anali olondola, koma ankawerengera ngati kuti mpweya kulibe. Amene anadzaonetsa kukula kwa vuto la mpweya anali Benjamin Robins wa ku England mu 1742. Iye anapachika chipika cholemera, n'kuchiwombera, n'kuyeza kutalika kwa pamene chalendewera. Pogwiritsa ntchito muyeso umenewo anawerengera liwiro la chipolopolo, ndipo powombera ataima patali mosiyanasiyana anapeza kuti mpweya umadya liwirolo kwambiri kuposa mmene anthu ankaganizira.

Kuwerengera njira ya chipolopolo ndi mpweya womwe n'kovuta moti kunathandiza kubala kompyuta. ENIAC, imene inaonetsedwa kwa anthu mu 1946 pa University of Pennsylvania, anaipanga kuti iziwerengera asilikali a ku America matebulo olozera mizinga. Isanabwere, ntchitoyo inkagwiridwa pamanja ndi anthu, ambiri mwa iwo amayi, ndipo njira ya chipolopolo chimodzi inkatha kudya maola pafupifupi 20.

Mfundo ya Galileo ija ndi imene anthu ambiri amaikana akaimva koyamba. Chipolopolo sichiyenda molunjika ngakhale pang'ono. Chimayamba kugwa chikangotuluka pakamwa pa mfuti. Chinthu chilichonse chikamagwa momasuka chimatsika mamita pafupifupi 4.9 mu sekondi yoyamba, kaya chikuthamangira kutsogolo kaya ayi. Chipolopolo cha AK-47 chimatuluka pa liwiro la mamita pafupifupi 715 pa sekondi, kuposa kawiri liwiro la phokoso limene ndi mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Kuti chifike pa mtunda wa mamita 300 chimatenga pafupifupi theka la sekondi, ndipo m'kanthawi kameneko chimakhala chitatsika kupitirira mita imodzi. N'chifukwa chake zolozera za pa mfuti amazikonza kuti mpope uziloza m'mwamba pang'ono kuposa pamene diso likuyang'ana.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa nkhaniyi imandikhudza. Pali anthu amene amawombera m'mwamba posangalala kapena pofuna kuopseza, n'kumaganiza kuti chipolopolocho chapita kosabwerera. Chimabwerera ndithu. Julian Hatcher, msilikali wa ku America amene anafufuza kwambiri za mfuti, analemba kuti chipolopolo cha mfuti yaikulu chowomberedwa chokweza chimagwa pa liwiro la mamita pafupifupi 90 pa sekondi. Limenelo ndi liwiro lotha kuboola khungu ndi kuvulaza mutu. Ndipo chikawomberedwa mopendekeka osati chokweza penipeni, chimasunga liwiro lochuluka kuposa pamenepo n'kukagwa patali, kwa munthu amene sanamve n'komwe kulira kwa mfutiyo. Anthu afa motere m'mayiko ambiri.

Akatswiri amagawa ulendo wa chipolopolo m'magawo: zochitika mkati mwa mfuti, zochitika mu mpweya, ndi zochitika chikagunda chinthu. Za mu mpweya tanena. Za pogunda ndinena zochepa. Mphamvu imene chipolopolo chimanyamula imadalira kwambiri liwiro, moti liwiro likawonjezeka kawiri mphamvuyo imawonjezeka kanayi. Ndiye chifukwa chake kachipolopolo kakang'ono ka mfuti yankhondo kamawononga thupi kuposa chipolopolo cholemerapo cha pisitolo. Madokotala ochita opaleshoni, opanga zovala zoteteza ku zipolopolo, ngakhale olemba malamulo ankhondo amadalira gawo limeneli. Mu 1899 ku The Hague mayiko anagwirizana zoletsa pankhondo zipolopolo zimene zimafutukuka zikalowa m'thupi.

Gawo la mkati mwa mfuti ndi limene limabala lipoti mwafunsalo, ndiye tikhalepo pang'ono.

Chimene anthu amangochitcha chipolopolo chili ndi zigawo zinayi. Pali khoko lachitsulo, nthawi zambiri la mkuwa wosakaniza. Mkati mwa khokolo muli wonga. Kumbuyo kwake kuli kachibatani kokhala ndi mankhwala osachedwa kuyaka. Kutsogolo ndiye kuli mutu umene umauluka. Munthu akakoka kachitsulo kowombera, kamsomali ka mkati mwa mfuti kamamenya kachibatani kaja, moto n'kulowa mu wonga. Wongawo umayaka mofulumira kwambiri n'kusanduka mpweya wotentha wosowa kopita. Mpweyawo umakankhira mutu kutsogolo, ndipo nthawi yomweyo umakankhira khoko kumbuyo mwamphamvu mpaka kulidinda pa chitsulo chotsekera mpope.

Mukasuzumira mumpope wa mfuti yopanda zipolopolo, itatsegulidwa ndi kuunikidwa, muona kuti mkati mwake simosalala. Muli ngalande zozungulira ngati zopota. Ntchito yake ndi kuzunguza chipolopolo kuti chisamagubuduke m'malere. AK-47 ili ndi ngalande zinayi zopotera kumanja, ndipo chipolopolo chake chimazungulira kamodzi pa masentimita 24 alionse, kutanthauza kuti chimatuluka chikuzungulira pafupifupi ka 3,000 pa sekondi. Popeza chipolopolo ndi chofewa kuposa chitsulo cha mpope ndipo chimadutsamo mothinana, ngalandezo zimachilemba. Nalonso khoko limatsala ndi zipsera: kadzenje ka kamsomali, chidindo cha chitsulo chakumbuyo, ndi mikwingwirima ya tizitsulo timene timalikoka ndi kulitaya kunja.

Zizindikiro zimenezi zili pawiri, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kwambiri. Zina ndi za mtundu wonse wa mfuti: kukula kwa chipolopolo, kuchuluka kwa ngalande, m'lifupi mwake, ndi mbali imene zikupotera. Mwachitsanzo, pisitolo yotchuka ya Colt .45 ili ndi ngalande zisanu ndi imodzi zopotera kumanzere, pamene mfuti zambiri zakale za Smith & Wesson zili ndi zisanu zopotera kumanja. Chipolopolo cha ngalande zopotera kumanzere sichingakhale kuti chinatuluka mu mfuti yopotera kumanja. Pamenepa palibe mtsutso, ndipo umboni wotere wamasula anthu ambiri. Koma zizindikiro zamtunduwu zikagwirizana, zimangotanthauza kuti mfutiyo ndi imodzi mwa zikwi zambiri zopangidwa mofanana.

Zina ndi timizere tating'onoting'ono, tosaoneka ndi maso, timene timabwera chifukwa cha kukanda kwa zida za ku fakitale, dzimbiri, ndi kutha kwa chitsulo pogwiritsidwa ntchito. Ofufuza amakhulupirira kuti timeneti timasiyana mfuti ndi mfuti. Kuti ayerekeze, amatenga mfuti yoganiziridwayo n'kuwombera m'thanki yaitali ya madzi kuti chipolopolo chiime chosaphwanyika. Kenako amaika chipolopolo cha m'thankicho ndi chija cha pamalo a mlandu pansi pa maikulosikopu awiri olumikizidwa pamwamba, moti diso limaona theka la ichi kumanzere ndi theka la icho kumanja, pakati pali kamzere kowalekanitsa. Wofufuza amazunguza chimodzi pang'onopang'ono, akuyang'ana ngati timizere ta kumanzere tikupitirira kulowa kumanja mosaduka. Zikakumana, zimaoneka ngati chipolopolo chimodzi. Ntchitoyi imafuna kudekha, chifukwa kungosuntha nyali pang'ono timizere tina timasowa ndipo tina timatulukira.

Makina oyerekezera amenewa anawakonzera ntchitoyi ndi Philip Gravelle ndi Calvin Goddard ku New York cha mu 1925, ngakhale kuti kale mu 1889 Alexandre Lacassagne wa ku Lyon anali atawerengapo ngalande za pa chipolopolo pofufuza mlandu. Mbiri ya Goddard ili ndi nkhani imene imayankha funso lanu bwino kuposa mmene ndingafotokozere. Pa 14 February 1929 amuna asanu ndi awiri anaphedwa ndi mfuti m'garaja ina ku Chicago. Ena mwa owomberawo anavala yunifomu ya apolisi, ndiye anthu anayamba kukayikira apolisiwo. Goddard anayeza mfuti za Thompson za apolisi n'kupeza kuti sizinali zimenezo. Kumapeto kwa chaka chomwecho, mfuti ziwiri za Thompson zinapezeka m'nyumba ya chigawenga chotchedwa Fred Burke ku Michigan, ndipo Goddard anati ndi zimene zinagwira ntchito pa tsikulo. Komabe palibe munthu amene khoti linamupeza wolakwa pa imfa zisanu ndi ziwirizo. Burke anamangidwa moyo wake wonse pa mlandu wina, wopha wapolisi. Mfuti zinadziwika, koma amene anazigwira m'garajamo khoti silinawatsimikizire.

Mfuti imabwerekedwa, imabedwa, imagulitsidwa, imasungitsidwa kwa munthu wosadziwa kanthu. Kuti mfuti ilumikizidwe ndi munthu pamafunika umboni wina: mboni zoona ndi maso, zidindo za zala, DNA, makamera, mauthenga a pafoni. Pali kuyeza kwina kofufuza fumbi la wonga m'manja ndi pa zovala, koma nalonso limangoonetsa kuti munthu anali pafupi ndi mfuti yowombedwa kapena anakhudza chinthu chimene chinali ndi fumbilo. Limachoka posamba m'manja, ndipo limatha kusamuka kuchoka pa munthu kapena chinthu china kupita kwa wina.

Nakonso kulumikiza chipolopolo ndi mfuti kuli ndi malire ake, ndipo ndikuona kuti anthu a ntchito imeneyi tiyenera kumanena zimenezi poyera. Chiweruzo chomaliza chimachokera m'diso ndi m'maganizo a wofufuza. Palibe nambala yovomerezeka padziko lonse yonena kuti timizere tikagwirizana tochuluka chonchi ndiye kuti mfuti ndi yomweyo. Mu 2009 bungwe la National Academy of Sciences ku America linadandaula za kusowa kwa muyeso wotsimikizika pa njirayi. Mu 2016 gulu la alangizi a sayansi a pulezidenti wa dzikolo linanena kuti kafukufuku wokonzedwa bwino woyeza kuchuluka kwa zolakwika za ofufuza anali wochepa kwambiri. Mu 2023 khoti lalikulu la ku Maryland linagamula pa mlandu wina kuti katswiri akhoza kunena kuti zizindikiro zikugwirizana ndi mfuti yakuti, koma asanene motsimikiza kuti chipolopolocho chinatuluka mu mfuti imeneyo. Ofufuza ambiri sagwirizana ndi chigamulo chotere ndipo amaloza kafukufuku watsopano woonetsa kuti salakwitsa kawirikawiri. Maganizo anga ndi akuti njirayi ndi yothandiza ndipo nthawi zambiri imalondola, koma katswiri amene angauze khoti kuti sangalakwitse wanena zopitirira zimene sayansi yake ikumulola.

Pali zinthu zingapo zimene zimasokoneza ntchitoyi. Chipolopolo chimene chagunda khoma kapena fupa chimaphwatalala kapena kusweka, n'kutsala kachidutswa kopanda timizere tokwanira. Mipope yopangidwa motsatizana ndi chida chimodzi ku fakitale ikhoza kukhala ndi zizindikiro zofanana zimene wosazolowera angazione ngati za mfuti imodzi. Mfuti imene yakhala zaka ikuchita dzimbiri kapena yawombedwa kambirimbiri imasintha zizindikiro zake. Mfuti za Glock zakale zili ndi mkati mwa mpope mopanda ngalande zakuthwa, ndiye zipolopolo zake n'zovuta kuziyerekeza, ngakhale kuti makoko ake amawerengeka bwino. Mfuti zowombera timipira tambirimbiri nthawi imodzi, komanso zambiri zosula pamanja, zili ndi mipope yosalala, choncho wofufuza amadalira khoko ngati lapezeka. Ichi n'chifukwa chake malipoti ambiri oona mtima amathera pa mawu akuti zizindikiro sizikukwanira kunena inde kapena ayi. Mawu amenewo asamatengedwe ngati umboni wotsutsa woimbidwa mlandu.

Masiku ano kuli makompyuta amene amasunga zithunzi za makoko ndi zipolopolo, monga NIBIN ku America, ndipo INTERPOL ili ndi dongosolo lothandiza mayiko kugawana zithunzi zotere. Phindu lake lalikulu ndi kuonetsa kuti mfuti imodzi yagwira ntchito pa milandu ingapo m'malo osiyana, ngakhale mfutiyo isanapezeke. Koma kompyuta imangotulutsa mndandanda wa zofananako. Munthu ayenerabe kukhala pa maikulosikopu ndi zinthu zenizenizo.

Lipoti lomwelo limathanso kuyankha mafunso ena amene nthawi zina amaposa la mfuti ija. Mabowo awiri, lina pa zenera lina pakhoma, amaonetsa mzere umene chipolopolo chinadutsa, ndipo mzerewo umaloza kumene wowombera anaima. Mwaye ndi timadontho ta wonga wosapsa kuzungulira bala kapena bowo la pa malaya zimasonyeza kuti mfuti inali pafupi. Zoterezi zimatha kutsimikiza kapena kugwetsa mawu a munthu wonena kuti ankadziteteza, kapena kuti mfuti inalira yokha akulimbirana. Ofufuza amayezanso mfutiyo kuti aone ngati ingalire itagwa pansi, ndi mphamvu imene imafunika kukoka kachitsulo kake.

Ngati mlandu wotere ukukukhudzani, inuyo kapena m'bale wanu, pali zimene loya ayenera kufunsa. Kodi katswiri akunena kuti ndi mtundu womwewo wa mfuti kapena mfuti yeniyeniyo? Kodi wofufuza wachiwiri anaonanso payekha asanauzidwe zimene woyamba anapeza? Kodi pali zithunzi za zimene anaona pa maikulosikopu? Ndipo chachikulu, kodi chipolopolocho chinayenda bwanji kuchoka pamalo a mlandu kapena m'chipinda choyezera mtembo mpaka kufika kwa katswiri, ndani anachigwira, anasainira liti? Mlandu wa Nicola Sacco ndi Bartolomeo Vanzetti, amene boma la Massachusetts ku America linawapha mu 1927 atagamulidwa kuti ndi olakwa pa mlandu wakupha, ukukambidwabe mpaka lero pa chifukwa chomwechi. Goddard anapeza kuti chipolopolo chimodzi chinatuluka mu pisitolo ya Sacco, koma otsutsa akhala akufunsa ngati chipolopolo chimenecho ndi chomwe chinachotsedwadi m'thupi la munthu amene anawomberedwa pa mlanduwo. Maikulosikopu sangayankhe funso limenelo. Amene amaliyankha ndi mapepala osonyeza mmene umboni unasungidwira.

Pa chifukwa chomwechi, mukapezeka pamalo pamene pawombedwa mfuti, thandizani wovulala choyamba ndipo itanani apolisi, koma makoko ndi zipolopolo musatole. Pamene khoko lagwera pamathandiza kudziwa pamene wowombera anaima, ndipo pakhoza kukhala zidindo za zala kapena DNA ya amene analiika mu mfuti. Chipolopolo cholowa m'khoma kapena mumtengo musachikolokose ndi mpeni, chifukwa chitsulo cha mpeniwo chimafufuta timizere timene katswiri akanayerekeza. Ngati mwapeza mfuti yotayidwa, musaigwire ndipo musalowetse kanthu mumpope. Imani pafupi kuti ana asaifikire mpaka apolisi atabwera.